Ndalama zobwezedwa ndi SARS: kodi akaunti ya TFSA ndi poyenera kuziika?

Mwezi wa Julayi ukafika, SARS, bungwe lotolera msonkho ku South Africa, imayamba kutumiza mauthenga a auto-assessment, kutanthauza msonkho umene yawerengera yokha, kwa anthu amene amadulidwa msonkho pa malipiro. Amene anadulidwa zopitirira muyeso amapeza ndalama zalowa ku banki pasanathe maola 72, ngati zonse zili m'malo. Nthawi yomweyo mabanki ndi makampani osungitsa ndalama amayamba kukopa anthu kuti ndalamazo aziike mu Tax-Free Savings Account, imene aliyense amangoitchula kuti TFSA. Dzinalo ndi lokoma m'khutu, ndipo akauntiyo payokha ndi yabwino ndithu. Koma kwa munthu wakwathu wogwira ntchito ku Joni amene wabwezeredwa R4,000 kapena R9,000, ali ndi ngongole ya kusitolo ya zovala komanso abale akudikira feteleza kumudzi, nthawi zambiri si poyambira.

Musanaganize za koziika, tsimikizani kaye kuti ndalamazo ndi zanudi. Si mphatso ya boma. Ndi malipiro anu amene abwana anadula ngati PAYE, msonkho wa pa malipiro, n'kupereka ku SARS mopitiriza. Zimachitika kawirikawiri kwa munthu amene wagwira ntchito miyezi yochepa pa chaka cha msonkho, chimene chimayamba pa 1 Malichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale, chifukwa PAYE ya mwezi uliwonse imawerengedwa ngati kuti mulandira choncho chaka chonse. Zimachitikanso ngati mumalipira nokha medical aid kapena retirement annuity (penshoni yodzisungira nokha) zimene abwana sanaziwerengere. Amene malipiro ake a chaka sanafike pa mlingo woyambira msonkho, womwe m'chaka chothera mu Febuluwale 2025 unali R95,750 kwa osakwana zaka 65, ndipo sanadulidwe PAYE, alibe chobwezeredwa. Za UIF, thumba lothandiza amene ntchito yawathera, ndi nkhani ina, sizibwera kudzera njira imeneyi.

Tsegulani eFiling kapena SARS MobiApp, muwerenge chikalata cha ITA34, chosonyeza mmene SARS yawerengera msonkho wanu, ndipo muchiyerekeze ndi IRP5, chikalata cha malipiro ndi msonkho wodulidwa chimene anakupatsani kuntchito. Ngati munagwira malo awiri ndipo IRP5 imodzi sikuoneka, musadye ndalamazo. SARS ikadzalandira chikalata chotsalacho idzawerengeranso, ndipo mwina mudzapezeka kuti ndinu amene muli ndi ngongole, popeza malipiro awiri akaphatikizidwa amakwera pa mlingo wa msonkho wokulirapo. Ndalama zikachedwa, zifukwa zake sizichuluka: nambala ya akaunti ya ku banki ndi yakale kapena si ya dzina lanu, pali fomu ya chaka cham'mbuyo imene simunatumize, muli ndi ngongole ina ku SARS imene ayamba adula, kapena mwasankhidwa kuti akufufuzeni. Pofufuzapo amapereka masiku 21 ogwira ntchito kuti mutumize mapepala. Ndalama zosakwana R100 sazitumiza, amazisungira chaka chamawa. Chenjeraninso ndi anthu oyendayenda olonjeza kukukulitsirani ndalama zobwezedwa bola muwapatse gawo. Amachita izi polemba ndalama zabodza za maulendo kapena zachipatala, ndipo zikadziwika, wobweza ndalamazo pamodzi ndi chindapusa chimene chimatha kufika 200% ndi mwini dzina, osati wodzaza fomu uja.

Chimene TFSA imachita

Akauntiyi inayamba pa 1 Malichi 2015. Ndalama imene mwaikamo ikabala, kaya ndi chiwongoladzanja, kaya ndi magawo a phindu ochokera ku masheya, kaya masheyawo akwera mtengo n'kuwagulitsa, SARS sidulapo kanthu, ndipo potapa simulipiranso msonkho. Pali malire awiri. Loyamba ndi la chaka: linayamba pa R30,000, linakwera kufika R33,000 mu 2017, kenako R36,000 mu Malichi 2020. Nduna ya zachuma imatha kulisintha pa bajeti ya mu Febuluwale, choncho onani chiwerengero cha chaka chanu pa tsamba la SARS. Zitsanzo zili m'munsimu zawerengedwa pa R36,000. Lachiwiri ndi la moyo wonse, R500,000. Malire onsewa amawerenga zimene mwaikamo basi, osati zimene ndalamayo yabala. Munthu woika R36,000 chaka chilichonse amadzaza malire a moyo wonse m'chaka cha 14, ndipo ngakhale ndalamayo itakula kufika mamiliyoni awiri, yonse imatuluka yosadulidwa.

Apa m'pamene otsatsa malonda amathera. Chimene satchula n'chakuti munthu aliyense wolipira msonkho ku South Africa ali kale ndi gawo la chiwongoladzanja limene silidulidwa: R23,800 pa chaka kwa osakwana zaka 65, ndi R34,500 kwa amene afika zakazo. Tiyerekeze banki ikupereka 8% pa chaka. Kuti chiwongoladzanja chifike R23,800 muyenera kukhala mutasunga R297,500. Ndiye munthu amene waika R9,000 yake mu TFSA ya ku banki, yongobala chiwongoladzanja, wapulumutsa msonkho wa ndalama zingati? Palibe ngakhale senti imodzi. R720 imene akanapeza mu akaunti wamba sikanadulidwanso. Chimene wachita ndi kudya R9,000 pa malire ake a moyo wonse popanda chobwerapo. Ichi ndiye chilema chachikulu cha TFSA zimene zimatsegulidwa ndi kudina kuwiri pa app ya banki: kutsegula n'kosavuta, koma kwa wosunga zochepa dzina lakuti "yopanda msonkho" ndi dzina chabe.

Phindu lenileni lili ku masheya. Msonkho wa pa magawo a phindu a makampani ndi 20% kuyambira mu Febuluwale 2017, ndipo umadulidwa pa randi yoyamba, kaya ndinu mlonda kaya ndinu dokotala. Ngati muli ndi R50,000 mu ETF, thumba lophatikiza masheya a makampani ambiri, imene yagawa 3% chaka chimenecho, yomwe ndi R1,500, kunja kwa TFSA R300 imapita ku SARS musanaione. Mkati mwa TFSA imatsala n'kugulanso masheya ena. Chaka chimodzi sizioneka kanthu. Pa zaka makumi awiri, kuphatikiza msonkho wa pa kukwera mtengo kwa masheya umene munthu amakumana nawo akagulitsa zambiri nthawi imodzi, kusiyana kwake kumakhala kwakukulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: akaunti iyi imapindulira amene sadzaigwira kwa zaka 15 kapena kuposerapo.

Mbuna zake

Mbuna yoyamba ndi kutapa. Lamulo silikuletsani kutapa tsiku lililonse, koma malo amene mwatapapo sabwerera. Mukaika R20,000 n'kuitapa yonse pa Khirisimasi, malire anu a moyo wonse atsika kufika R480,000 mpaka kalekale. Choipa kwambiri chimachitika munthu akafuna kubwezera. Tinene kuti mwaika R30,000 chaka chino, kumudzi kwagwa zovuta, mwatapa R10,000 yotumiza, ndipo patapita miyezi iwiri mwaibweza. Kwa inu mwangobweza zimene munatenga. Kwa SARS mwaika R40,000, mwapyola malire ndi R4,000, ndipo chindapusa chake ndi 40% ya zopyolazo, yomwe ndi R1,600. Chimadzatulukira pa ITA34 ya chaka chotsatira, nthawi zina n'kumeza ndalama zimene mumayembekeza kubwezeredwa.

Yachiwiri ndi kukhala ndi maakaunti angapo. N'zololedwa, koma malire ndi a munthu, osati a akaunti. Banki yanu idzakuletsani kupyola malire a chaka kwa iyo, koma sidziwa zimene mwaika ku kampani ina. Amene amaphatikiza ndi SARS, kuchokera pa zikalata za IT3(s) zimene kampani iliyonse imatumiza, ndipo imaphatikiza chaka chitatha, nthawi yokonza itapita. Woika R36,000 kuno ndi R6,000 uko amalipira R2,400.

Palinso kusamutsa. Mukaona kuti kumene muli akudula zambiri ndipo mukufuna kupita kwina, musatape nokha n'kukaika kwinako, chifukwa kumeneko kumawerengedwa ngati kuika kwatsopano. Kuyambira pa 1 Malichi 2018 makampani amasamutsirana okha: mumadzaza fomu ya transfer ku kampani yatsopanoyo, iwo n'kukaitanitsa ndalamazo pamodzi ndi mbiri ya zimene munaika. Zimatenga masabata, koma malire anu sakhudzidwa.

Ndipo samalani kumapeto kwa Febuluwale. Malo a chaka amene simunawagwiritse ntchito sapitirira ku chaka chinacho, ndiye anthu amathamangira kuika tsiku lomaliza. Ndalama yotumizidwa kuchokera ku banki ina pa 28 Febuluwale imatha kuoneka pa 1 kapena 2 Malichi, n'kuwerengedwa m'chaka chatsopano. Makampani ambiri amalengeza tsiku lawo lotsekera, masiku angapo mwezi usanathe. Tsatirani limenelo.

Za ana tingonena mwachidule. Mwana ali ndi malire akeake, ndipo kholo likhoza kumutsegulira. Koma ndalama imene mwaika ndi kudzatapa ya fizi ali ku sekondale yadya malire a moyo wake iye asanayambe n'komwe kugwira ntchito. Potapa, ndalamayo imapita ku akaunti ya dzina la mwanayo.

Kusankha kotsegula

Mitundu yake ilipo itatu, ndipo siyofanana.

Ya ku banki, monga ya Capitec, FNB, Nedbank, Absa kapena Standard Bank, imangobala chiwongoladzanja. Ubwino wake ndi wakuti ndalama siitsika, ndipo kuyambira pa 1 Epulo 2024 bungwe la CODI limateteza mpaka R100,000 ya munthu mmodzi pa banki imodzi ngati bankiyo itagwa. Imayenera munthu wachikulire amene chiwongoladzanja chake chapyola kale gawo losadulidwa lija. Kwa wachinyamata wosunga zochepa, ife sitiiyamikira.

Ya ma ETF ndi ma unit trust, monga kudzera ku EasyEquities, Satrix kapena Sygnia, ndiyo imagwirizana ndi cholinga cha akauntiyi. Simungagule masheya a kampani imodzi mkati mwa TFSA. Lamulo limalola thumba lophatikiza makampani ambiri, monga Satrix 40, imene imatsata makampani 40 akuluakulu a pa msika wa masheya wa ku Joni, JSE, kapena Satrix MSCI World, imene imatsata makampani a maiko olemera. Yachiwiriyi imathandiza randi ikagwa, ngakhale kuti msonkho umene maiko akunja amadula pa magawo a phindu umadulidwabe. TFSA imakutetezani ku SARS yokha. Apa CODI kulibe, ndipo mtengo umatsika ndithu. Amene anatsegula app mu Malichi 2020, corona itangofika, anaona ndalama zawo zitaphwa kwambiri m'masabata ochepa, ndipo amene anagulitsa ndi mantha ndi amene analuza. Ngati mtima wanu sungapirire kuona R9,000 ikuoneka R6,500 kwa miyezi ingapo, mtundu uwu si wanu.

Yachitatu ndi ya makampani a inshuwalansi, imene nthawi zambiri imabwera ndi wogulitsa wovala bwino amene amakuyenderani kuntchito. Apa funsani chiwerengero chimodzi chokha, Effective Annual Cost, chimene chimaphatikiza zonse zimene azidula pa chaka, ndipo achilembe papepala. Safunsa anadya phula. Kusiyana kwa 2% kumaoneka kochepa, koma tawerengani: R500 pa mwezi kwa zaka 20 ndi R120,000 yoikamo. Ikamakula ndi 10% pa chaka imafika pafupifupi R380,000. Ikamakula ndi 8%, chifukwa 2% ikupita kwa kampani ndi wogulitsa, imafika pafupifupi R295,000. Ndalama yokwana R85,000 yapita, yoposa msonkho umene munthu wotere akanapulumutsa. Ubwino umodzi wa mtundu uwu tiutchula kumapeto.

Nkhani ya mapepala njofunika kwa ife obwera. Makampani ambiri amafuna nambala ya ID ya South Africa kuti atsegule TFSA, ndiye amene ali ndi permanent residence savutika. Wokhala ndi pasipoti ndi pemiti ya ntchito afunse kaye asanadzaze fomu, ndipo akhale ndi nambala yake ya msonkho, umboni wa kumene akukhala, ndi akaunti ya banki ya dzina lake. Afunsenso funso limene ambiri amaiwala: pemiti ikatha ndili kudikira yatsopano ku Home Affairs, ndalama zanga ndingazitape? Mabanki amatha kuimitsa akaunti mpaka mutabweretsa pemiti yatsopano, ndipo ndalama za TFSA zimatulukira ku akaunti yomweyo. Ma RSA Retail Savings Bonds a boma, amene ena amawayerekeza ndi TFSA ya ku banki, nawonso amafuna ID ya South Africa.

Nanga R9,000 ija ipite kuti?

Ngongole ikhale patsogolo, ndipo apa palibe chokambirana. Khadi ya ngongole kapena akaunti ya kusitolo imene ikudula 20% pa chaka imakudyerani R1,800 pa R9,000 iliyonse, pamene TFSA ya ku banki pa 8% ikukupatsani R720. Ngongole zazifupi zololedwa ndi lamulo zimafika 5% pa mwezi pa ngongole yoyamba, kutanthauza R250 mwezi uliwonse pa R5,000, osawerengera ndalama zotsegulira ndi zoyendetsera. Za a mashonisa, katapila wa kuno, sitinena n'komwe. Lamulo la National Credit Act limakupatsani ufulu wotseka ngongole nthawi yake isanakwane, ndipo pa ngongole zazing'ono ngati izi palibe chindapusa. Pemphani settlement letter, kalata yosonyeza ndalama zonse zotsekera ngongoleyo, lipirani ndalama yeniyeni yolembedwa pamenepo tsiku lake lisanadutse, kenako tengani paid-up letter, umboni woti ngongole yatha. Mukangolipira zimene zikuoneka pa sitetimenti ya mwezi watha, pamatsala timakobiri ta chiwongoladzanja timene timapitiriza kubala, ndipo akauntiyo siitsekeka.

Ngongole ikatha, chotsatira ndi thumba la zadzidzidzi: lendi ya miyezi iwiri kapena itatu, kuphatikiza ya basi yopita kumudzi ndi kubwerera. Thumba ili lisakhale mu TFSA, pa chifukwa cha chindapusa chija. Akaunti wamba yosungira kapena ya 32-day notice ikukwanira, ndipo chiwongoladzanja chake sichifika poti n'kudulidwa. Ya masiku 32 ili ndi vuto lake, maliro sadikira masiku 32, ndiye gawo lina likhale potapika tsiku lomwelo.

Ndalama imene mukudziwa kale kuti ipita kumudzi mu Seputembala ya fizi, kapena mu Okutobala ya feteleza mvula isanagwe, nayonso isalowe mu TFSA. Miyezi itatu si nthawi yoika m'masheya. Funso lenileni pamenepo ndi lakuti muitumize liti. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25% mu Meyi 2022 ndi 44% mu Novembala 2023, ndipo amene anatumiza msanga ndalama n'kungokhala mu akaunti ya kwacha anaona ikusungunuka. Kuisunga mu randi mpaka sabata yogula katundu, kapena kuitumiza kuti igule matumbawo tsiku lomwelo, n'kwabwino kuposa kuisiya ikugona pa foni ya m'bale. Poyerekeza Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa musayang'ane ndalama yotumizira yokha. Onani kuti pa R1,000 wolandirayo agwira makwacha angati m'manja.

Wopikisana weniweni wa TFSA ndi retirement annuity. Iyi imakubwezerani msonkho pa zimene mwaika, mpaka 27.5% ya malipiro anu. Amene ali pa mlingo wa 18% akaika R9,000 amabwezeredwa R1,620 chaka chotsatira, wa pa 26% amabwezeredwa R2,340. TFSA siichita zimenezi, chifukwa mumaikamo ndalama yodulidwa kale. Koma annuity imamanga. Pa dongosolo la two-pot limene linayamba pa 1 Seputembala 2024, magawo awiri mwa atatu a zimene mukuika amatsekeredwa mpaka zaka 55, ndipo gawo lotsalalo mumatapa kamodzi pa chaka cha msonkho, zosachepera R2,000, SARS n'kudulapo msonkho ngati malipiro. Wobwerera kwawo nthawi isanakwane amakumana ndi malamulo ena a SARS, kuphatikizapo lodikira zaka zitatu atasiya kukhala wolipira msonkho wa ku South Africa, ndipo ndalamayo imadulidwa potuluka. Amene akhazikika ndipo malipiro awo ali pa 26% kapena kuposa, annuity imawakomera. Amene mtima uli kumudzi, ndipo akuwerenga zaka khumi kapena khumi ndi zisanu kuti akamange n'kukhala, TFSA ya ETF yotsika mtengo ndiyo yowayenera, chifukwa tsiku lonyamuka amagulitsa, ndalama n'kulowa ku banki m'masiku ochepa ogwira ntchito.

Chotsala ndi chija tinalonjeza, chimene ambiri safuna kuchimva. Mwini TFSA akamwalira, ya ku banki ndi ya ETF imalowa m'chuma cha masiye. Banja liyenera kupita ku ofesi ya Master of the High Court. Chuma chosapyola R250,000 chimayenda ndi Letter of Authority, choposa pamenepo chimafuna executor, woyendetsa chuma cha masiye, amene lamulo limamulola kudula mpaka 3.5% kuphatikizanso VAT. Kwa mayi amene ali ku Mangochi kapena ku Mzimba, wopanda pasipoti, ulendo umenewu ndi wautali. TFSA ya kampani ya inshuwalansi, popeza ndi polise, imalola kulemba dzina la wodzalandira, ndipo ndalama imapita kwa iye osadikira executor. Ngati mwasankha ya ETF chifukwa chotsika mtengo, lembani wilo, musayine pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandira kanthu, ndipo dzina la kampani ndi nambala ya akaunti muzipereke kwa munthu mmodzi wa kuno ndi mmodzi wa kumudzi.